Mfuuliro Umene Unandilanda Estere

Ndinachoka kwa Mponda chifukwa cha manyazi. Ndinali nditatomera Estere, koma ngakhale bwato ndinalibe, ndiye ndinati ndikagwireko ntchito ku Halale zaka ziwiri basi. Zinakwana zinayi.

Kumeneko ndinkaphikira dona wina wolongolola. Chizungu changa ndinachitola kwa iyeyo, cha m'makutu chokhachokha. Tsiku lonse "No! Wait! Oh!" Ine kumangomeza, n'kumadziyesa katswiri. Koma likafika Lamulungu ndinkakhala ndekhandekha kuseri kwa khitchini, kulakalaka ngakhale fungo la usipa.

Chaka chachitatu inabwera kalata ya Estere. Amalume ake ankamukakamiza kukwatiwa ndi mwini makoka ophera nsomba wa ku Chembe. "Ndivomere kodi?" anafunsa. Ndikanatha kuyankha m'Chichewa, koma matama! Ndinafuna amalumewo adziwe kuti akuchita ndi munthu wozindikira. Ndinalemba mzere umodzi: No wait for me. M'mutu mwanga "No" ameneyo ankakuwa ngati dona uja. Yankho silinabwere, ine n'kumati mtsikana wamva, akudikira.

Nditabwerera, a chipani anandifunsa khadi pa Mangochi ndisanatule n'komwe sutikesi. Estere ndinamupeza kwawo akuyanika usipa, mwana kumbuyo.

"Si munati ndisakudikireni?" anatero.

"Ine? Liti?"

Analowa m'nyumba n'kutulutsa kalata ija. Anati anamuwerengera ndi aphunzitsi a pa mishoni. Ndinaikwatula, ulendo kwa aphunzitsiwo, nditafufuma ndi ukali.

"Aphunzitsi, mwandiphera ukwati!"

Iwo anavala magalasi mosapupuluma. "Achimwene, mfuuliro uli pati apa? Kandodo kaja kokhala ndi kadontho pansi. Mukanakaika pambuyo pa No, ndikanawauza kuti mwati, 'Ayi! Ndidikire.' Popanda iko, ichi ndi Chizungu chothyoka chonena kuti osandidikira. Pepala silikuwa lokha."

Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima. Zaka zinayi ndikukalipiridwa m'Chizungu, palibe anandiuzako kuti kukuwa nako kumalembedwa. Ndinakwiyira dona, aphunzitsi, amalume, ngakhale wa positi.

Pokabweza kalatayo ndinamufotokozera Estere za kandodo kaja, ndikujambula ndi chala pamchenga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anakonza mwana kumbuyo.

"Mukanangolemba kuti iyayi," anatero, "ndikanawerenga ndekha."