Mawu a ku Joni M'chikuta

Mwana wanga woyamba anabadwa m'dzinja, bambo ake ali ku Joni. Chaka chomwecho anali atalamula kuti tichotse udzu padenga, tikhome malata. Tinakhomadi, opita kumsika wa Manjawira n'kumacheuka. Koma foni yanga, imene kale inkalira ngakhale pansi pa pilo, inangoti zii. Kuti igwire netiweki umayenera kutuluka nayo pabwalo.

Tsono ine ndinali m'chikuta. Kwathu wobereka kumene satuluka ndi khanda mpaka mchombo utagwa, ndipo amayi anga pa zimenezo sankasekerera. Bambo a mwana akaimba, amayi ndiwo ankayankha panja, kuwauza kuti tili bwino. Bambowo ankati zongouzidwa zawakwana, akufuna kumva mwana wawo ndi khutu lawo.

Masana mvula ikamaimba pamalata ndinkagona chagada, khanda pachifuwa, n'kumaganizira mawu awo. Ndinkawaona ngati anamzeze, akuwoloka Zambezi, kupyola m'mitambo ndi m'mapiri, kufika kwathu atanyowa, n'kuterereka pamalata amene mwini wake anagula.

Ndinayamba kuyenda nayo foniyo m'chipindamo, pang'onopang'ono poti thupi linali lisanabwerere. Pakona ya njerwa, palibe. Kuseri kwa ndowa ya madzi, palibe. Amayi anati ndiiike mupoto, poti mmenemo nyimbo zimamveka mokweza, ndiye ndi kamzere kamodzi ka netiweki komwe kankaphethira kanathawa. Nditaigunditsa pazenera lathu la matabwa, lili chitsekere, timizere tiwiri tinatulukira. Kani thabwa limalola. Amayi anakhoma msomali pamenepo, tinaipachika ndi kansalu.

Inalira Lamulungu masana, mwana ali mtulo. Ndinawauza bambo ake kuti wagona.

"Mtsineni pang'ono, mayi a mwana, ndimumve."

"Simunamuone n'komwe, mukufuna muyambe ndi kumuliza?"

Anaseka, koma kusekako kunathera panjira. Anati mayunitsi atsala ochepa. Ndinanyamula khanda, ndinaima nalo pazenerapo, ndinatsitsa foni mpaka pamphuno pake. Ndinamva akuwauza anzawo kumeneko kuti azimitse kaye wailesi.

Mwana ankapuma mofulumira, kenako n'kudikira, n'kuyambanso. Anayamwa milomo yake kutulo. Kunja madzi ankadontha kuchoka pamalata, fungo la thabwa lonyowa lili m'mphuno mwanga. Mkono unayamba kundiwawa koma sindinausunthe.

Nditabweza foni kukhutu, anangoti, "Ndamumva. Bwezerani pomwepo."

Ndinabwezera mpaka inaduka yokha.