Alamu Anadzatenga Mwana Wanga ku Mindolo

Ufulu unatipeza tili ku Mindolo, mumzinda wa Kitwe, m'nyumba ya mgodi ya zipinda ziwiri. Kopa anali pa mtengo wabwino, ine ndinkagwira ntchito pansi pa mgodi, ndipo ana athu atatu sankagona ndi njala. M'mawa uliwonse ndisanapite ku shifiti ndinkawasanjika manja mmodzimmodzi. Woyamba, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye ankayankha Amen mokweza kuposa onse.

Lamlungu lina titabwerako ku Misa tinapeza alamu, mlongo wa mkazi wanga, atakhala pa mpando wanga. Anali kalaliki ku Ndola, munthu wa tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Tisanamalize n'kulonjerana komwe, anayamba kuyerekeza mizinda.

"Alamu, Kitwe si malo olerera ana," anatero. "Ku Ndola kuli mitengo m'misewu, masitolo aakulu, sukulu zabwino, anthu a m'maofesi. Kuno muli ndi chiyani? Fumbi, mabhawa, ndi senta."

Senta ndi utsi wa ku fakitale yosungunulira kopa, wothetsa mpweya, wopserezera ndiwo m'dimba. Mwana wanga woyamba uja ankatsokomola nawo, sindikana.

"Ku Ndola kulibe komboni ya zisakasa ya Chipulukusu kodi?" ndinafunsa. "Kapena kumeneko tayi yanu sifikako?"

Anaseka. "Pakamwa ndiye mwadala napo, a shimaini, inu okumba mgodi. Ine ndabwera kudzatenga mwana. Akayambe sukulu kwathu."

"Mwana wa yani?"

"Wa mbumba yanga. Inu munatenga mlongo wanga ku Katete n'kuthawira naye ku migodi, osalimako ngakhale mzere umodzi pa chikamwini. Tinakhala chete. Tsopano mukufuna ndi ana omwe?"

Magazi anandiwira. Ndinamuuza kuti ukwati wathu tinamangitsa pamaso pa Mulungu, kuti ine ndinaima pa ubatizo wa mwanayo n'kulonjeza kumulera, ndipo pa tsiku lachiweruzo sadzafunsa amalume. Ndinamuuza kuti pamene mwanayo anadwala chikuku, amene anamubereka kumsana mpaka kuchipatala, akazi a m'komboni akuseka, sanali kalaliki wa ku Ndola.

"Zonsezo mwachita bwino," anayankha. "Koma tambala saitana anapiye."

Ndinatembenukira kwa mkazi wanga. "Amake mwana, nenani inuyo."

Sanandiyang'ane. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kasutikesi komangamanga kale, madiresi awiri ndi nsapato za ku tchalitchi zili m'kati. Ndi iye amene analemba kalata yoitana mlongo wake, ine ndili pansi pa nthaka kuswa miyala.

"Atate ake, chifuwa chija chimutenga," anatero pansipansi. "Ndipo achimwene ndingawakanize bwanji?"

Ndinkaphunzitsa katekisimu Loweruka lililonse, ndinkauza ana a anthu ena kuti dzuwa lisalowe ali chikwiyire. Tsiku limenelo ndinatenga mpando uja n'kuuponya panja, mwendo n'kuthyoka. Aneba athu Achibemba anatuluka. Mkulu wina wa mu mpingo, amene ndinkati andithandiza, anangoti mwa ulemu wa Chibemba, "Mukwai, ndi mwambo, nafenso n'chimodzimodzi." Mwambo! Anthu omwewo amene ankavina mumsewu kuti tsopano tadzilamulira, analibe mawu pamene bambo akulandidwa mwana masana dzuwa likuswa mtengo.

Sindinawaperekeze ku basi. Ndicho chinthu chimene ndachiulula kwa ansembe kangapo, ndipo sichinandichoke. Mwanayo anaima pakhomo kudikira kuti ndimudalitse, ine ndinayang'ana kukhoma.

Chifuwa chinatha ku Ndola. Ambuye mundikhululukire, ngakhale zimenezo zinandikwiyitsa, chifukwa zinapatsa alamu chonena. Ndinayesa kufuna ntchito kumeneko, koma munthu wodziwa kuboola mwala okha, ndani akanandilemba? Ndipo kusiya mgodi kunali kusiya nyumba, ana awiri otsala n'kugona pamtetete.

Mwanayo anabwera pa tchuthi cha Khirisimasi, atanenepa, tsitsi loluka bwino. Anagwada pakhomo n'kundipatsa moni monga amachitira kwa mlendo. Ndinamutenga ku msika wa m'tauni, ndinamugulira maswiti ndi riboni yofiira. Pobwerera ndinamugwira dzanja, iye n'kundiyang'ana mwaulemu.

"Atate," anafunsa, "kodi ndibwerera liti kwathu?"