Tsiku Limene a Gulo Anakanika Kutsika

Dzina lakuti a Gulo ndinawapatsa ndine, ndipo sanakwiye nalo. Akakwera padenga la munthu kukamanga dishi, ankagona chafufumimba pamalata, khutu lili pa kamakina kofufuzira setilaiti, mutu ukugwedera ngati gulo ali pamtengo. Kamakinako kakayamba kulira mokweza, mutu nawo unkafulumira. Pofika chaka chachitatu, ngakhale akazi awo ankafika kuofesi n'kufunsa kuti, "Kodi a Gulo atuluka?"

Kampani yathu inali yaing'ono, nyumba imodzi ya zitseko zitatu. Choyamba chinali changa. Ndinkagulitsa mafoni otchipa, masimu ndi mayunitsi, tsiku lonse kumangomva madandaulo a anthu amene akanda khadi mpaka kufufuta manambala. Chachiwiri chinali cha a intaneti, chipinda chozizira chimene ankatiletsa kulowamo ndi kapu ya tiyi. Chachitatu chinali kuseri, kwa a Gulo, komwe madishi ankasanjikizana ngati mbale zotsuka, makwerero awiri atatsamira khoma, ndipo ponseponse pankanunkha girisi.

Ine ndinkawatcha achimwene ngakhale panalibe ubale. Iwo ankanditcha achemwali. Anali munthu wamfupi, wa manja okhakhala, wosakonda kulankhula ali pansi. Koma akangoponda denga ankasanduka wina: kuimba mluzu, kuseka ndi mwini nyumba, kufunsa amene ali pabalaza kuti, "Chithunzi chabwera?" Nthawi zina ankasiya dala kamakina m'galimoto, n'kuyang'ana kumwamba kopanda kanthu, n'kuloza ndi sipanala. "Setilaiti ili apo." Ndipo inalidi pomwepo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sanagwepo ngakhale kamodzi. Ankakonda kunena kuti, "Ine pansi ndimangobwera kudzadya."

Zinthu zinasintha bwana wamkulu atafa ziwalo. Kampani anaitenga mwana wawo, amene tinkawatcha a Tayi chifukwa ngakhale Loweruka ankabwera atamanga pakhosi. Sanali munthu woipa, ndipo zimene ananena pamsonkhano woyamba zinali zoona. Anthu anali atayamba kuonera chilichonse pafoni, makasitomala a madishi ankachepa mwezi ndi mwezi, ndiye nthambiyo itsekedwe. Popeza madishiwo anali a kampani, anthu ankangobwereka, anayenera kuchotsedwa onse n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo.

"Amene akudziwa pamene madishiwa ali ndinu, bambo," anatero a Tayi poyang'ana a Gulo. "Mukhala mukuyenda ndi a dalaivala a kampani."

A Gulo anangoti, "Chabwino, bwana."

Miyezi inayi anakhala akumasula mabawuti amene anamanga okha. Ambiri anali atachita dzimbiri, moti ankachita kuwadula ndi sowo. Masana ena atabwerako anakhala pampando wa makasitomala pakauntala panga, n'kundiuza za aphunzitsi ena opuma, mayi wosayenda, amene kanema wawo sankazima chifukwa m'nyumba munalibenso wina wolankhula.

"Atandiona anasangalala, achemwali. Akuti, mwabwera kudzakonza? Ndinati ayi mayi, ndabwera kudzachotsa. Sanatukwane. Anangoti, dikirani kaye nkhani zithe. Ndinakhala pakhonde mpaka nkhani zinatha."

Dishi yomaliza itatsika, a Tayi anawaitananso. Anati ntchito ilipo kumbali ya intaneti, yomanga ndi kukonza timabokosi ta netiweki pansanja yachitsulo imene inali kuseri kwa msika. Anawafunsa ngati angathe, poti msinkhu unali utapita. A Gulo anaseka. "Kukwera n'kukwera, bwana."

Chimene a Tayi sankadziwa, ine ndinkachidziwa. Kuyambira chapakati pa ntchito yochotsa ija, a Gulo ankamva chizungulire. Ankati akatembenuza mutu mwadzidzidzi, denga lonse limayenda ngati bwato. Ndinawakakamiza kupita kuchipatala, ndipo anapitadi. Adokotala anawauza kuti vuto lili m'kati mwa khutu, kuwonjezera apo magazi akuthamanga, ndiye asamakwerenso pamwamba. Pepala lake anandionetsa, kenako analipinda kanayi n'kuliika pansi pa bokosi la zida.

"Musauze munthu, achemwali. Ngakhale alamu anu kunyumba."

"Nanga mukagwa?"

"Nanga ndikapanda kukwera, ndikhala ndani?"

Sindinauze munthu. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati chinali chifundo kapena mantha.

Maulendo awiri oyamba anakwera n'kutsika bwinobwino, kungoti ankafika pansi thukuta lili kamukamu, milomo itayera. Ulendo wachitatu unali Lachinayi, dzuwa lili paliwombo, kukuomba kamphepo. Netiweki inali itathawa mbali yonse ya kumsika ndipo foni ya ofesi inkangolira. A Gulo anamanga lamba m'chiuno, anakwera mpaka pamwamba penipeni, anawongola kabokosi kamene kanapendekeka, netiweki n'kubwerera. Ntchito anaimaliza, zimenezo anthu amaiwala. Potembenuka kuti ayambe kutsika m'pamene dziko linazungulira. Anakumbatira chitsulo ndi manja ndi miyendo yomwe, n'kutseka maso.

A dalaivala anakuwa mpaka mawu kusasa. "A Gulo! Tsikani, yatheka!" A Gulo sanasunthe. A dalaivalawo atandiimbira ndinatseka kauntala n'kuthamangira komweko. Ndinapeza msika wonse wasamukira pansi pa nsanja, aliyense foni m'mwamba. Ena ankati waledzera. Ena ankati akufuna kudziponya chifukwa mkazi wam'thawa. Mayi wina wogulitsa matumba anandikoka mkono n'kundifunsa ngati ndingam'thandize kukuza chithunzi pafoni yake, poti ndine wa kukampani.

Anakhala pamenepo maola atatu. Ozimitsa moto atafika, awiri anakwera ndi zingwe. Anavutika kumasula zala zawo pachitsulo, chala chimodzichimodzi. Anawatsitsa akulendewera ngati thumba, buluku litanyowa kutsogolo, ndipo anthu anaombera m'manja, ena akuseka. Atafika pansi sanayang'ane aliyense. Ndinawafunditsa juzi langa m'chiuno. Anangonong'ona kuti, "Bokosi langa la zida lili kuti?"

M'mawa mwake vidiyo inali ponseponse. Wina anaiikira nyimbo yovinira. Sabata imeneyo ndinagulitsa mayunitsi kuposa masiku onse, ndipo ena ankangokanda khadi pomwepo, n'kutsegula vidiyoyo atatsamira kauntala yanga. "Si wa pano uyu? Alipo timuone?" Ndinkayankha kuti sindikum'dziwa. Adzukulu awo kusukulu anayamba kutchedwa ana a Chonyowa, moti wamkulu anakana kupita masiku angapo.

A Tayi sanawachotse ntchito. Anawauza mwaulemu kuti azikhala kuseri n'kumayang'anira katundu. Koma kuseriko kunalibenso katundu, kunangotsala makwerero awiri aja ndi zipsera za dzimbiri pasimenti pamene pankakhala madishi. Ankafika m'mawa, kusesa, kukhala pa kabokosi, kuyang'ana khoma. Ndikawapititsira tiyi ankathokoza, koma ndinkakam'peza atazizira. Patatha milungu iwiri anabwera pakauntala panga n'kuika makiyi.

"Mukawapatse abwana."

"Achimwene, dikirani kaye anthu aiwale. Mawa kugwa nkhani ina."

"Anthu aiwaladi," anatero. "Koma miyendo yangayi siiwala."

Anthu anaiwaladi pasanathe mwezi. Kampani inalemba akatswiri ochokera kwina oti azibwera nsanja ikavuta, ndipo chipinda cha kuseri anachibwereketsa kwa wometa.

Ndinapita kukawaona mvula itayamba. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa kanjira kamatope. Pabalaza ndinapeza ndowa, beseni ndi mapoto awiri zili pansi, madzi akudontha kuchokera kudenga, sofa ataikankhira pakona. A Gulo anali pampando pafupi ndi zenera, atawonda, ndevu zosameta. Anandilandira bwino, anafunsa za a dalaivala ndi za bwana wamkulu. Babu la pabalaza linali litapsa, ndipo latsopano linali patebulo, likadali m'kabokosi kake.

Mlamu wanga, mkazi wawo, anandikokera kukhitchini. Ndi mayi wonenepa, wa mawondo ovuta, amene moyo wake wonse wakhala pamakina osokera.

"Mankhwala akumwa, chizungulire chinachepa," anatero motsitsa mawu. "Koma ngakhale pampando sangaime. Dzana anayesa kuti aike babu lija, anangoponda mwendo umodzi n'kuyamba kunjenjemera. Ndinawauza kuti tiitane munthu adzamate denga, akuti munthu wina akakwera padenga lawo iwo ali moyo, achoka pakhomo pano. Ndiye ndichite bwanji, alamu? Inu munkadziwa za khutuli?"

Ndinati ndinkadziwa. Anandiyang'ana, kenako anapitiriza kupukuta mbale imene inali youma kale.

Mvula itakata, mlamu anatulutsa makwerero obwereka kwa oyandikana nawo, kachitini ka phula ndi nsanza. Anakwinya diresi n'kulimanga m'chiuno. A Gulo anatuluka, n'kuima pakhomo.

"Mayi, tsikani. Ndikwera ndekha mawa."

"Mawa lanulo layamba kalekale, bambo. Gwirani makwerero."

Anawagwira ndi manja onse awiri, nkhope atayang'anitsa pansi. Mlamu anakwera pang'onopang'ono, akubuula pa sitepe iliyonse, mpaka anakagwada pamalata onyowa. Kuchokera pamwambapo anafunsa kuti aponde pati kuti asaboole.

"Tsatani mzere wa misomali," anayankha a Gulo osadzutsa mutu. "Pamene pali misomali pali mtengo pansi pake."

Ine ndinaima pambali ndi chikwama changa m'manja. Minibasi yomaliza yopita kwathu inali pafupi kunyamuka, ndiye ndinatsanzika. Sindikudziwa ngati anandimva.