Chipinda cha Achimwene m'Boti

Boti linafika kwathu ku Chinsapo likukokedwa ndi lole, ana akulithamangira pambuyo ndi phokoso. Abambo anali kalipentala wa mzungu wina wa ku Area 10, ndiye mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira chimenechi ngati zikomo. Linali boti laling'ono loyendera mphepo, mlongoti wake wothyoka, thanga lake lodyedwa ndi makoswe. Amayi anangogwira pakamwa. "Anzanu amawasiyira njinga, inu akusiyirani ichi? Nyanja yake ili kuti kuno?" Linakhala kuseri kwa nyumba, pangolo yake yamatayala akuphwa, nkhuku zikuikiramo mazira.

Patatha zaka ziwiri, matipate atangoyamba kumene, achimwene anga anabwera kuchokera ku Blantyre komwe ankagwira ukondakitala. Ndinawazindikira ndi mawu okha. Munthu uja anali wojintcha, koma apa kolala ya shati inkachita kulendewera. Akazi awo anali atathawa. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu, zinazo aliyense ankadziwa koma palibe ankatchula.

Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri, china cha makolo, china cha ine ndi ang'ono anga awiri. Achimwene ankagona pabalaza. Koma abambo anali mkulu wa mpingo, ndipo pabalazapo m'pamene ankalandirira alendo. Sabata isanathe anayamba zoti chifuwa chimenechi chigwira ana. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, sindinali mwana woti n'kunamizidwa. Ankachita manyazi basi.

Mmawa wina anatulutsa bokosi la zipangizo n'kukwera m'boti.

Kuti ulowe m'botimo unkayamba wakwera makwerero, kenako n'kutsikira pakabowo kapamwamba kokhala ndi chivundikiro chochita kukankha. Pansipo panali kachipinda koti munthu sungaime chilili, kokhala ndi mabenchi awiri opapatiza. Abambo anazula benchi limodzi, linalo analikulitsa ndi matabwa a mlombwa kukhala bedi. Anakhoma shelefu yamankhwala yokhala ndi kamkombero kuti mabotolo asamagwe. Anapanga katebulo ka mahinjesi kopindikira kukhoma. Timawindo anatichotsa magalasi n'kuikamo sefa ya udzudzu, kudenga anayalako mphasa kuti kusamatenthe. Ngakhale chidebe chodzithandiziramo anachipangira bokosi lake lachivundikiro. Pomaliza anamanga kabati ya zovala pafupi ndi polowera, moti kabowo kaja, kochepa kale, kanatsala koti uzilowa cham'mbali.

Chilungamo chake, ntchitoyo inali yokongola. Anapaka vanishi mpaka matabwa ankawala. Anthu oyandikana nafe ankabwera kudzasuzumira, abambo n'kumawaonetsa mmene katebulo kamapindikira. Pa masabata atatu onse omwe anagwira ntchitoyo ndinawaona akukhudza mwana wawo kamodzi kokha, tsiku lomwe anamuyeza ndi tepi kuti adziwe kutalika kwa bedi.

Ndinawauza ine. "Abambo, bwanji osangoboola khomo m'mbalimu? Munthu wodwala azikwera makwerero?"

"Iwe, boti saboola m'mbali," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Limeneli tsiku lina lidzapita kunyanja."

Achimwene anasamukiramo osadandaula. Anali munthu wanthabwala chibadwire. Ndikamatsika ndi phala ankati, "Chemwali, tafika pati? Pa Chipoka tadutsa kale?" Ine n'kumati, "Idyani apa, akondakitala opanda basi inu." Amayi miyendo inkawavuta, makwerero sankawatha, ndiye ankaima pansi n'kumayankhulira pasefa ya windo. Zonse zinali pa ine: kukwera ndi phala, kutsika ndi chidebe, kukwera ndi madzi osamba. Masiku oyamba achimwene ankatuluka okha kukaothera dzuwa pamwamba pa boti. Pofika mwezi wa Okutobala miyendo inatupa, zilonda zinagwira msana wonse, ndipo kutuluka kunatheratu. M'katimo masana munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, mphasa zija sizinathandize kanthu.

Lachinayi lina achimwene anandigwira dzanja. Nthabwala panalibe. "Chemwali, ndatopa muno. Kawauze abambo ndikagone m'nyumba, pena paliponse, ngakhale kuseri kwa chitseko. Ndikufuna ndizimva anthu akuyankhula."

Ndinaitana bambo wina woyandikana nafe kuti tiwanyamule. Iye anakwera pamwamba kuti akoke m'khwapa, ine ndikukankha pansi. Mayo ine! Msana unakhula pakona ya kabati ija, achimwene anakuwa mawu omwe sindinawamveponso kwa munthu wamkulu. Tinawabwezera pabedi, shati yonse ili magazi ndi mafinya. Kabatiyo kuti tiizule zinakanika, abambo anali ataimanga ndi guluu ndi masikuluwu obisika, ntchito ya mmisiri weniweni.

Abambo atabwera ndinawadikirira pakhomo. Ulemu ndinauika pambali tsiku limenelo.

"Mwana wanu akufuna kulowa m'nyumba mwake. Boolani chinthu chanuchi, apo ayi ndibwereka nkhwangwa."

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndamva. Koma tichite mwadongosolo, botili lidzathe kutsekekanso bwino."

Lachisanu anatenga pensulo ndi tepi, n'kujambula khomo m'mbali mwa boti. Anafufuta, anajambulanso, akuti pamene anayamba pali nthiti ya boti yosafunika kudula. Loweruka anapita kumsika kukafuna mahinjesi osachita dzimbiri, anabwera dzuwa litapendeka. Lamulungu anavala jekete. Ndinawatsekereza panjira, iwo anati, "Lero ndi Sabata, ukufuna anthu amve sowo pakhomo pa mkulu wa mpingo?" Amayi analira, koma anawatsatira kutchalitchi. Ndimadzida mpaka lero kuti nkhwangwa ija sindinakabwereke. Ndinkangolusa pakamwa, mumtima ndinali kuwaopabe.

Tsiku lonselo achimwene ankangofunsa, "Ayamba?" Ine n'kumati, "Mawa, achimwene." Iwo anati, "Mawa ndi kutali, chemwali."

Lolemba mmawa abambo anayamba. Anaboola kabowo pakona, analowetsa kasowo kakang'ono, n'kumatsata mzere wa pensulo pang'onopang'ono. Ine ndinali m'kati, nditakhala pabokosi la chidebe, ndikukupiza achimwene ndi chikatoni. Utuchi unkagwera pabulangete, ine n'kumausasa. Achimwene atamva sowo anatsegula maso, anayesa kumwetulira. Mbali yoyamba inatha, kuwala kunalowa ngati ulusi. Abambo ali m'kati mwa mbali yachiwiri, kupuma kwa achimwene kunasintha. Ankakoka mpweya, n'kukhala kaye, n'kukokanso. Kenako anakhala osakokanso.

Ndinawatseka maso. Ndinawawongola miyendo. Sowo inali kulirabe pafupi ndi khutu langa.

Sindinakuwe, ndipo abambo sindinawauze. Ndinangokhala phee, manja pamiyendo, n'kuwasiya acheke. Ndinkafuna amalize khomo lawo lokongolalo, adzaone okha. Unali mtima woipa, ndikuvomera, koma ndi umene ndinali nawo. Anacheka mbali yachitatu, anapumira, ndinawamva akupempha madzi akumwa kwa amayi. Anacheka yachinayi. Pamakona ankachita kusamala kuti thabwa lisang'ambike.

Chidutswa chija chitachoka, mphepo inalowa koyamba m'kachipindamo. Abambo anachiika pansi bwinobwino, anapukuta utuchi m'mphepete ndi chikhatho, n'kulowetsa mutu.

"Eya, tiye mwanawe, khomo latheka. Tiye m'nyumba."

Anayang'ana pabedi, anayang'ana ine.

"Liti?"

"Muli pambali yachiwiri."

Amayi anali kumbuyo kwawo ndi kapu yamadzi, ndipo kulira kunayambira pomwepo. Anthu anathamanga kuchokera m'makomo. Bambo woyandikana nafe uja anabwera ndi mnzake kuti anyamule thupi, koma abambo anawakankha onse awiri ndi chigongono. Anapisa manja pakhomo lawo lija, dzanja lina kumsana kwa zilonda kuja, lina m'mawondo, n'kumutulutsa mwana wawo okha. Anadutsa bwinobwino, osakhula paliponse. Anayenda naye kuzungulira nyumba, utuchi uli mbuu m'tsitsi, akungoti, "Pepa, pepa mwana wanga," kwa munthu woti sakumvanso.