Injini ya Bambo M'madengu

Bambo anga anamwalira injini ili m'madengu. Ndikunena madengu enieni, aja amayi ankatutira chimanga, asanu ndi limodzi, atandandalikidwa m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba yathu ku Bowe. Galimotoyo inali panja itakhalira njerwa. Inali yachikale, ya denga la tenti, yokoka ndi matayala onse anayi, mtundu uja azungu ankakwera nawo mapiri a Ntchisi m'dzinja pamene basi inkabwerera panjira. Bambo anapatsidwa ndi mwini esiteti imene anagwirako zaka zambiri monga dalaivala ndi makaniko. Mzunguyo pochoka anati inafa kale, aitenge akhale akuwetera nkhuku. Bambo anaikokera kunyumba ndi ng'ombe, ndipo mlungu womwewo anayamba kuimasula.

Ine ndinali wamkulu kale, ndevu zitamera, sukulu itandikana, kukwatira ndisanaganize. Ndinkagwira nawo. Bambo sanali munthu wolankhula pogwira ntchito, ndipo akalankhula kunali kundikalipira. Chitsulo chilichonse asanachimasule ankachikhoma kadontho ndi msomali wonola. Ankasamala kwambiri zivindikiro zimene zimagwira kilankishafuti, chitsulo chachikulu chokhotakhota chija chimene mapisitoni amazunguza. Ukaziona zivindikirozo ndi zofanana ngati mazira, koma chilichonse chinazolowerana ndi malo ake ndi mbali yake. Choyamba kadontho kamodzi, chachiwiri tiwiri, n'kumapita. Anandiuza kamodzi kokha kuti ukazisinthanitsa, injini imadzidya yokha m'kati, ndipo sanabwerezenso.

Chifuwa chinawatenga mwezi umodzi wokha. Tinawaika kwawo, kumapiri a Ntchisi, chifukwa kwathu anali mkamwini.

Pa tsiku la kumeta akwawo anabwera ku Bowe kudzaona zimene mbale wawo anasiya. Mwambo wathu ndinkaudziwa, ndipo sindinkaukana: chuma cha mwamuna chimapita kwa ana a mlongo wake, osati kwa ana ake omubala. Wolowa m'malo anali msuweni wanga, mwana wa azakhali, wamkulu kwa ine ndi zaka zitatu. Masiku amenewo munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi opanda khadi la chipani, ndipo iye anali tcheyamani wa anyamata a malaya ofiira kwawoko, amene ankaima pazipata kufunsa makadiwo. Anatenga njinga, wailesi, suti ya kutchalitchi, mbuzi zonse, ndi bokosi la masipanala. Bokosilo ndilo linandiwawa. Anali munthu wosadziwa ngakhale kumanga tcheni cha njinga, koma analinyamula pamutu yekha kuopa kuti ndingachotsemo kanthu.

Atalowa m'chigafa anakankha dengu limodzi ndi phazi, mabawuti n'kumwazika m'fumbi.

“Msuweni, izi ndakusiyira,” anatero. “Uzikazinga ndi mchere, mwina ungakule.”

Anthu anaseka, poti pachisuweni munthu amakunyoza mmene wafunira ndipo suloledwa kukwiya. Inenso ndinaonetsa mano. Atachoka ndinatola mabawuti aja limodzi ndi limodzi, ndikumutukwana m'mtima ndi mawu amene sindingalembe pano.

Injiniyo inandidyera zaka ziwiri. Masipanala ndinkabwereka kwa munthu wa chigayo ku Mponela, n'kubweza tsiku lomwelo chifukwa sankandikhulupirira. Zitsulo ndinkatsuka ndi palafini m'beseni la amayi losambira, mpaka anandigulira langa kuti ndiwasiye. Mavalavu ndinawapera pamanja, kamtengo kali pakati pa zikhatho ngati munthu wopekesa moto, mpaka matuza anaphulika n'kusanduka zikang'a. Fodya wa chaka choyamba anapita ku maring'i a mapisitoni ndi mabering'i, wa chaka chachiwiri ku gasiketi ndi batire. Ulendo wina ndinakatsitsidwa m'basi ya ku Lilongwe ndili ndi kilankishafuti paphewa, chifukwa khadi langa linali la chaka chatha. Ndinayenda nayo wapansi mpaka dzuwa linapendeka, ndipo paphewa langa la kumanja pali chipsera mpaka lero.

Anthu a m'mudzi anandiyesa wozungulira mutu. Azimayi akamapita kudambo ankafunsa ngati maliro a galimoto akadalipo. Ndinkangotsata madontho a bambo, kamodzi, tiwiri, titatu, ndipo paliponse pamene ndinkakayika ndinkapeza kuti iwo anaganizapo kale. Nthawi zina ndinkakwiya nawo kuti anafa asanandionetse kutchera taimingi, nthawi yoti moto uziyaka m'injini, yomwe inandizunza mwezi wathunthu.

Nditamaliza kumanga injini, tinaikweza m'galimoto ndi mitengo itatu ya bulugamu ndi tcheni cha ngolo. Masiku awiri ndinapukusa hendulo yolizira injini popanda kanthu. Tsiku lachitatu m'mawa inatsokomola kawiri, n'kulira. Inalira bwino, mosalala, moti ndinaika kapu ya madzi pamwamba pake madziwo osatayika. Amayi anatuluka m'nyumba n'kukhala pansi pakhonde, chitenje chili kukamwa. Azimayi onyoza aja ndiwo anayamba nthungululu.

Galimotoyo ndinaiyendetsa milungu itatu. Ndinatengera amayi kutchalitchi, ngakhale panali pafupi poti n'kuyenda. Ndinathamangira ndi mayi wina wodwala kuchipatala ku Dowa, mvula itagwa, ndipo inakwera zitunda zoterera zija osabwerera m'mbuyo ngakhale kamodzi. Pa moyo wanga wonse sindikumbukira milungu ina yokoma ngati imeneyo.

Mlungu wachinayi, Lachiwiri, msuweni wanga anafika ndi anyamata anayi a malaya ofiira. Anakhala pamkeka wa amayi, nadya mtedza wawo, nafunsa za moyo wa aliyense mwaulemu wonse. Kenaka anati wabwera kudzatenga galimoto ya amalume ake imene anandisungitsa. Ndinamukumbutsa kuti anandisiyira pamaso pa anthu. Anaseka, nati kodi munthu wamkulu ngati ine sindidziwa nthabwala za pachisuweni.

“Komanso msuweni,” anawonjeza motsitsa mawu, “anthu ayamba kufunsa. Galimoto yoyenda m'tchire, m'manja mwa munthu amene amatsitsidwa m'basi chifukwa cha khadi, ikufuna kunyamula ndani? Ine ndikukuteteza.”

Aliyense wa nthawi imeneyo akudziwa tanthauzo la mawu otere. Munthu ankatengedwa pa nkhani yochepa kuposa imeneyo, osabwerako. Msuweni wanga anati Loweruka abwera ndi dalaivala, aipeze yotsuka, chifukwa ku Ntchisi kukhala msonkhano waukulu ndipo akufuna kudzanyamula amayi ovina a dera lake. Amalume anga, mlongo wa amayi, amene akanandiyankhulira, anangoyang'ana pansi. Anati mwambo uli kwa iye, chipani chilinso kwa iye, ndiye ife tigwire pati. Amayi anandigwira dzanja n'kundipempha kuti ndisawapatse maliro achiwiri.

Ndinavomera. Koma mtima wanga unali utaphika kale zina.

Lachitatu m'mawa ndinakabwereka masipanala aja, ndipo ndinaimikanso mitengo ya bulugamu. Chimene chinanditengera zaka ziwiri kumanga ndinachimasula masiku atatu. Sindinaswe kanthu, sindinabise kanthu. Bawuti aliyense, waya aliyense, ndinaika m'dengu. Galimoto ndinaikhazikanso panjerwa pamalo pomwe inali. Amayi anaima pakhomo la chigafa tsiku loyamba, nandifunsa ngati ndapenga. Ndinati akufuna zimene bambo anasiya, ndipo adzazipeza mmene bambo anazisiyira. Sanandifunsenso.

Zikanathera pamenepo, bwenzi lero ndikuinena nkhaniyi moseka. Koma ndinadziwa kuti makaniko aliyense wamaso akhoza kutsata madontho aja n'kuimanga mlungu umodzi, msuweni wanga n'kumadutsa nayo pamsewu akuimba hutala. Lachisanu masana ndinatenga tupa, chitsulo chokhakhala chopalira zitsulo zinzake, ndinakhala pansi ndi zivindikiro zija pamiyendo. Ndinapala madontho onse. Msomali wa bambo unali utalowa ndithu, moti chivindikiro chilichonse chinafuna mphamvu. Ndinalira ndikupala, koma dzanja silinaime. Nditamaliza ndinazipaka oyilo wakuda, ndinazisakaniza, n'kuziponya m'madengu osiyanasiyana.

Loweruka ndinaitana akuluakulu onse amene analipo tsiku la kumeta. Msuweni wanga anafika ndi dalaivala wake ndi anyamata aja, atavala suti ya bambo. Anayang'ana galimoto ili panjerwa, bonati yotsegula, m'kati mopanda kanthu. Anayang'ana madengu.

“Cholowa chako ndi ichi, msuweni,” ndinatero. “Werenga madengu, ndi asanu ndi limodzi. Akuluakuluwa ndi mboni kuti amalume ako anasiya zimenezi.”

Mkulu wina wa mpingo anatsokomola, nati zoona, womwalirayo sanasiye galimoto yoyenda. Ena anavomereza, ena anabisa nkhope kuti asaoneke akuseka. Msuweni wanga anali atadzimanga yekha ndi mwambo umene anabwera nawo. Anandimenya mbama, anyamata ake anandimanga ndi chingwe cha ng'ombe, ndipo ndinakhala masiku awiri m'kachipinda kuseri kwa ofesi ya chipani, masana ndikupalira munda wa tcheyamani wa kwathu. Anandimasula akulu ampingo atapita kukadandaula. Pobwera ndinapeza galimoto ndi madengu atazitenga pa thirakitala.

Zotsatira ndinazimva kwa anthu, ndipo ndinazimva kwa ambiri, chifukwa ndinkafunsa aliyense wochokera ku Ntchisi. Msonkhano uja unadutsa. Msuweni wanga anapeza munthu wokonza zigayo kuti aimange usanafike wina wotsatira. Munthuyo anamanga zivindikiro mmene zinamugwera m'manja. Atamaliza, hendulo inakana kuzungulira ngakhale amuna awiri ataikakamira. Makaniko weniweni akanamasula n'kuyambiranso. Koma wa zigayoyo anati injini yatsopano imakhala yolimba choncho, imafuna kukankha. Kukankha ndiye kunali kosasowa anthu. Anyamata a malaya ofiira anaikankhira kumtsetse, inalira, onse n'kuomba m'manja.

Tsiku la msonkhano anadzazamo amayi ovina, ng'oma zili padenga. Pachitunda chomaliza asanafike pa boma la Ntchisi inayamba kugogoda, kenaka inaphulika kamodzi n'kuima. Amayi aja anatsika n'kuyenda wapansi, ndipo anafika mlendo wolemekezeka atakhala kale pansi. Pa nthawi imeneyo kuchedwetsa ovina sinali nkhani yoseweretsa. Msuweni wanga akuluakulu a chipani anamuvula utcheyamani pamaso pa gulu, ndipo anyamata ake omwe ndiwo anamuyendetsa chokwawa m'matope.

Ndinasangalala. Ndisanamepo, ndinasangalala kwambiri, ndipo tsiku limene ndinamva ndinapha tambala. Amayi anakana kudya nawo.

Patapita chaka msuweni wanga anabwera yekha, wapansi, ataonda. Sanakhale pamkeka, anakhala pamwala. Anati zija zinali zolakwa, ndipite ndikaitenge galimoto ija ikhale yanga, iye angopempha kuti ndizimunyamulira fodya wake kupita kumsika. Ndinamusiya adikire mpaka madzulo ndisanayankhe, kuti amve kukoma kwake. Koma m'kati ndinali nditanyamuka kale. Ndinkadziuza kuti zivindikiro ndidzaziyesa chimodzichimodzi mpaka chilichonse chipeze malo ake, ngakhale zinditengere chaka china.

Nditafika kwawo, galimoto ndinaipeza kuseri kwa khola lake, tenti itang'ambika. Bokosi la masipanala a bambo anali atandiikira pampando wa dalaivala. Ndinatsegula bonati, ndinagwada kuyang'ana m'mbali. Thupi lenileni la injini, limene zina zonse zimamangidwapo, linali ndi chibowo choti n'kulowa chibakera. Chitsulo chogwira pisitoni chinaduka n'kutulukira pamenepo, mng'alu n'kuyenda mpaka pansi. Kilankishafuti imene ndinayenda nayo paphewa ija inali itapsa mpaka kuda. Injini ya mtundu umenewo panalibenso koipeza, ndipo bowo lotere siliwotchereredwa. Ntchito yanga ya Lachisanu lija ndinaigwira bwino kuposa mmene ndinkafunira.

“Itheka, msuweni?” anafunsa ali kumbuyo kwanga.

Ndinati ayi. Iye anaganiza kuti ndikumukaniza dala. Anayamba kupepesa, anatchula dzina la bambo, anati ngakhale za fodya zija ndizisiye, ndingoitenga. Mkazi wake anatuluka n'kugwada. Ndinatseka bonati, ndinanyamula bokosi la masipanala, n'kuuyamba ulendo wobwerera ku Bowe osatsanzika.

Msuweni wanga anakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake, ndipo tinkakumana pamaliro a abale. Mpaka imfa yake ankauza anthu kuti msuweni wake ndi munthu wouma mtima, amene akanatha kuidzutsa galimoto ija koma anakana chifukwa cha mkwiyo. Sindinamutsutse ngakhale tsiku limodzi. Ndinkafuna azigona akudziwa kuti ndinamukana. Zoona zake n'zakuti panalibe chokana, ndipo amene anapha injini ya bambo sanali iye.