Mzere wa Pagolo la Kumunsi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili mu Sitandade 8, pamene ndinaona koyamba anthu akuluakulu, a ndevu zawo, akuchita zopusa modekha ndi mwaulemu ngati ali pa Misa. Nkhani yake inali ya mpira. Sukulu yathu ya pulayimale, cha kumtunda kwa Mayani, inali ndi mdani mmodzi yekha padziko lonse lapansi: sukulu ya kutsidya kwa dambo, yomwe tinkangoitchula kuti Akutsidya. Chaka chilichonse m'mwezi wa Juni tinkakumana nawo kamodzi, ndipo wogonja ankayenda chowerama chaka chathunthu, kumsika, kuchigayo, ngakhale kutchalitchi, poti Lamulungu tinkapemphera pamodzi. Zaka zitatu zotsatizana owerama tinali ife.

Goloboyi wa sukulu ndinali ine, Tobiyasi. Sindinganame kuti ndinali katswiri. Ndinali wamfupi, wowonda, ndipo mpira wam'mwamba unkandivuta. Koma bwalo lathu ndinkalidziwa kuposa pakhomo pa amayi. Kale malowo anali munda wa mbatatesi, ndiye makolo pokonza bwalo anasalaza mizere ndi makasu, koma anasalaza monga imagwiridwira ntchito ya chitukuko, aliyense akuyang'ana dzuwa. Kutsogolo kwa golo la kumunsi, mapazi khumi ndi awiri kuchokera pamilongoti, kunatsala mzere umodzi wobisika mu kapinga. Ndi maso sunkaoneka. Mpira wapansi ukafika pamenepo unkadumpha n'kudutsa paphewa la munthu wogwada.

Pa chifukwa chimenechi magoloboyi a pasukulupo tinali ndi mwambo wathu. Wochoka akamapereka jezi kwa wolowa, ankamutengera kugolo la kumunsi, kumuvulitsa nsapato ngati anali nazo, n'kumuyendetsa pamzerewo mpaka phazi liuzolowere. Kenako ankamuuza mawu amene inenso ndinauzidwa: mpira wapansi usaudikire pagolo, kakumane nawo usanafike pamzere. Imeneyi inali ntchito ya goloboyi kwa goloboyi mnzake. Osewera ena sankalowererapo, ndipo aphunzitsi athu a zamasewero, a Gwaza, sindikhulupirira kuti anapondapo pagolo limenelo chibwerereni pasukulupo. Iwo malo awo anali pakati pa bwalo, wezulo pakamwa, manja m'thumba.

Kutatsala sabata imodzi kuti tisewere ndi Akutsidya, komiti ya makolo inakhala pansi pamodzi ndi ahedi ndi a Gwaza kufufuza chimene chinkatigonjetsa. Anthu amenewa denga la Sitandade 3 linawatengera zaka ziwiri osagwirizana, koma za mpira anamvana tsiku lomwelo. Anapeza kuti vuto ndi goloboyi. Pa masewero atatu amene tinagonja ine ndinasewerapo amodzi okha, ndipo chigoli chake chinali cha penate, koma zimenezo palibe anazifunsa. Anagamula kuti akatenge munthu wina ku Chimbiya, dzina lake Gelesomu, wogulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu, amene ankatchinga pagolo la timu ya kumeneko. Anali bambo wa mkazi ndi mwana. Anamulemba m'kaundula ngati wobwereza Sitandade 8, ndipo apampando a komiti, mkulu wa mpingo amene ankatikalipira tikanama, anabwera okha ndi lezala yometera ndevu za mwana wasukulu watsopanoyo.

A Gwaza anandiuza Lachinayi, anzanga onse akumva.

"Tobiyasi, vula jeziyo."

"Ndalakwa chiyani, sala?"

"Sunalakwe. Koma mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Iwe udzakula, udzasewera."

Ndinavula. Inali jezi yobiriwira yosuluka, nambala wani yake anandisokerera amayi ndi ulusi woyera itayamba kumatuka. Ndinaima pamenepo chifuwa chili pamtunda, mphepo ya Juni ikundibaya m'nthiti, anzanga akuyang'ana pansi. Sindinalire. Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo ndinausunga bwinobwino.

Loweruka masana bwalo linadzaza. Amayi anayala nzimbe ndi zitumbuwa kuseri kwa golo, azibambo atakumbatira majekete, fumbi ndi fungo la utsi wa paini zili ponseponse. Gelesomu anatulukira kuseri kwa nyumba ya ahedi, chibwano chili mbuu chifukwa cha lezala, jezi yanga itamuthera pamwamba pa mchombo. Anthu athu anaimba nthungululu ngati kwabwera bishopu. Ine ndinakhala pa njerwa pambali pa bwalo, nditavala juzi la kusukulu.

Mpira usanayambe Gelesomu anabwera pamene ndinakhalapo n'kunjuta kuti tilingane.

"Mphwanga, ndamva kuti golo ili ndi lako. Pepa, ine angondiitana. Pali chimene ndiyenera kudziwa pabwalo pano?"

Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero. Anafunsa mwaulemu, munthu wamkulu kufunsa mwana. Ndinayang'ana kugolo la kumunsi, pamene kapinga anali wobiriwirako pang'ono, kenako ndinamuyang'ana iye.

"Palibe, achimwene. Bwalo ndi bwalo."

Anandisisita pamutu n'kuthamangira pagolo.

Chigawo choyamba tinatchinga golo la kumtunda, ndipo ndivomere, ngakhale zinkandiwawa: munthuyo ankaudziwa mpira. Ankautola m'mwamba ngati akuthyola mapichesi. Ochemerera Akutsidya anamuzindikira msanga, nayamba kukuwa kuti, "Achimwene, pambatatesi mwasiyapo ndani?" Koma kwa refa sanakadandaule, poti nambala naini wawo anali mmisiri wocheka matabwa amene mwana wake anali mu Sitandade 2. Masukulu awiri, ahedi awiri, makomiti awiri, onse akudziwa bodza la anzawo, onse ali chete chifukwa cha bodza lawo. Popuma panalibe chigoli, ndipo azibambo a kwathu anamunyamula Gelesomu pamapewa. A Gwaza anadutsa pafupi nane n'kunena mokweza kuti, "Mwaonatu, mpira umafuna nzeru."

Chigawo chachiwiri tinasinthana magolo. Akutsidya mzere uja ankaudziwa, poti unawalumapo zaka zam'mbuyo, ndiye anasiya mipira yam'mwamba n'kuyamba kumenya yapansi. Iwiri yoyamba inapita kunja. Ndinkaona chimene ankafuna, ndipo kuchokera pa njerwa yanga kukafika kuseri kwa golo sipanali patali. Ndikanatha kuthamanga n'kumukuwira mawu ochepa okha. Ndinakhala pomwepo, manja m'khwapa.

Kutatsala mphindi khumi, mmisiri wa matabwa uja anamenya kampira kofooka, koti ngakhale mwana wa Sitandade 1 akanakagwira. Gelesomu anachita zimene goloboyi aliyense wodziwa ntchito amachita: anagwada bondo limodzi, manja pansi, kukadikira. Kampirako kanagudubuzika, kanafika pamzere, kanadumpha, kanadutsa paphewa lake la kumanzere n'kukagwa mu ukonde mwaulesi. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Gelesomu anafunsa, koma phula analidyabe, ndipo womudyetsa ndinali ine.

Ndinene zoona pano, poti ndi chifukwa chake ndikulemba. Pamene Akutsidya ankalowa m'bwalo akuvina, mtima wanga unavina nawo. Sukulu yanga inali ikugonja kachinayi, anzanga amene ndinkadya nawo chimanga chokazinga m'thumba limodzi anali atagwira m'mutu, ine m'kati ndikusangalala. Ndinaweramitsa nkhope kuti anthu ayese ndikulira.

Wezulo womaliza atalira ndinaona mmene anthu amasinthira. Omwe aja anamunyamula pamapewa ndi amene anayamba kumutukwana. Wina anakuwa kuti, "Sefa! Tatenga sefa ku Chimbiya!" ndipo dzinalo linagwira pomwepo. Mkazi wake anali ataima pafupi ndi ogulitsa nzimbe, mwana kumsana, akumva zonse. A Gwaza anayamba kuuza aliyense wofuna kumva kuti iwo maganizo otenga munthu wakunja anawakana kuyambira pachiyambi. Apampando a komiti anati mpira sungadumphe wokha chomwecho, Akutsidya akwirira mankhwala. Anaitanitsa khasu, ndipo azibambo anayi, mkulu wa mpingo akutsogolera, anakumba pansi pa milongoti kufunafuna nyanga, mzere uli phee mapazi khumi ndi awiri kumbuyo kwawo. Anafukula chigaza cha botolo ndi muzu wa bulugama, n'kumagwedeza mitu ngati apeza umboni.

Gelesomu anali adakali pagolo. Ndinamuona akuvula nsapato, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kuchokera pagolo, akupapasa kapinga ndi phazi. Atafika pamzere anaima. Anaupondaponda, kuutsatira uku ndi uku, kenako anatembenuka n'kundiyang'ana. Anavula jezi, anaipinda bwinobwino monga amapindira malaya a kutchalitchi, nabwera nayo.

"Unkadziwa, eti?"

Ndinaweramitsanso nkhope.

"Ukanangondiuza, mphwanga. Sukuluyi ndi yako, si yanga."

Anandiika jeziyo pamiyendo. Ndinkadikira kuti aitane a Gwaza, kapena akuwe kuti anthu onse amve, ndipo akanatero bwenzi tsiku limenelo nditaona zakuda. Sanauze munthu. Anatenga mwana kwa mkazi wake, namukhazika paphewa, n'kuyamba ulendo wa kumsewu, ana akumutsatira m'mbuyo akuimba za sefa.

Lolemba a Gwaza anandibwezera pagolo, osapepesa, osachita manyazi, ngati kuti ndinangopita kukamwa madzi. Ndinapeza chimene ndinkafuna. Koma jezi ija Gelesomu anali ataitanula, ndipo inkandikhuthukira m'mapewa mpaka tsiku limene ndinaipereka kwa wondilowa m'malo. Ameneyo ndinamuyendetsa pamzere katatu, mpaka anandifunsa ngati ndapenga.

Papita zaka zambiri. A Gwaza ndimawanyozabe, ndipo sindikuona chifukwa cholekera. Komiti ija ndimainyoza, pamodzi ndi lezala yake ndi khasu lake. Anachotsa mwana pamalo pake kuti apambane ndi bodza, bodzalo litawaphulikira anathamangira kukumba nyanga. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti popeza anandilakwira, zonse zimene ndinachita tsiku lija zinali zawo. Tsopano ndikudziwa kuti kulakwiridwa sikuyeretsa munthu. Iwo anandivula jezi, koma pakamwa panga sanatsekepo. Ndinatseka ndekha, ndipo amene analipira si a Gwaza.

Chaka chatha minibasi imene ndinakwera inaima pa Chimbiya, ogulitsa n'kuunjikana pamawindo monga mwa masiku onse. Ndinamva kamnyamata kena, kosabadwa n'komwe nthawi ya mpira uja, kakuitana kuti, "A Sefa, kasitomala uyu akufuna ndowa!" Anabwera bambo wa imvi, ndowa ya mbatatesi paphewa. Ndinayesa kuyang'ana kumbali, koma anali atandiona kale.

"Goloboyi! Mwakulatu. Mzere uja ulipobe?"

"Anausalaza, achimwene."

"Anachita bwino," anatero, akukhuthulira mbatatesi m'thumba langa. Anaonjezerapo zitatu zikuluzikulu za basela, n'kumenya minibasi kuti izipita.

Ulendo wonse wa ku Lilongwe thumbalo linali pamiyendo panga, pomwe paja anaika jezi. Mwa anthu onse amene tinali pabwalo tsiku lija, ndi iye yekha amene sindingathe kumunyoza, ndipo ndi iye yekha amene akunyozedwa mpaka lero.