Msewu Utatsekeka ku Misuku

Chaka chimene tinakwatirana, ndinapita ndi mkazi wanga kwathu ku Misuku kukadya Khirisimasi. Iye kwawo ndi ku Zomba, ndipo kumpoto anali asanapondeko. Amama, omwe ankakhala okha chimwalirireni adada, Chichewa ankangodziwa chogulira mchere ndi sopo pamsika. Choncho awiriwa akapatsana moni, nkhani inkathera pomwepo.

Tinakonza zokhala masiku atatu. Koma Khirisimasi itangodutsa, mvula inagwa tsiku lonse, ndipo kutacha mkulu wina wa kutchalitchi anadzatiuza kuti phiri lagumukira mumsewu wa ku Boma, galimoto sizikudutsa.

Pakhomo pathu netiweki sinkafika. Wofuna kuimba foni ankakwera chitunda cha kuseri kwa sukulu, ulendo wa ola lathunthu. Ine ndinali nditangoyamba kumene ntchito ku Lilongwe, ndiye mtima sunali m'malo. M'mawa uliwonse ndinkakwera kukauza abwana kuti msewu ukadali wotseka. Tsiku lachitatu foni inazima ndili pakati polankhula, ndipo potchajira panalibe.

Ndinatsika nditakwinya nkhope. Ndisanafike panyumba ndinamva kuseka m'munda wa khofi. Ndinapeza mkazi wanga akupalira, atavala majombo a adada omwe ankamufika m'mawondo, amama ali pambali pake akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Mukuseka chiyani?" ndinafunsa.

"Tikuseka inuyo," anatero mkazi wanga. "Kani sukulu munayambira m'nthochimu?"

Ndinadabwa kuti amvana bwanji. Amama anabwereza nkhaniyo ine ndikuona, theka ndi manja, theka ndi Chichewa chawo chodukaduka. "Uyu, mwana. Sukulu, mantha. Kubisala apo!" Analoza nthochi za kumunsi kwa munda, kenako ananyonyomala ngati mmene anandipezera kalelo, nditabisala mlungu wathunthu anzanga akuphunzira. Ine ndinali nditaiwaliratu.

Atatha, anandipatsa khasu. "Foni yafa, manja alipo," anatero m'chinenero chathu.

Masiku otsatirawo ndimawakumbukira bwino kuposa matchuthi ena onse. Tinkadzuka nkhungu ikadali m'zigwa. Mkazi wanga anaphunzira kunena "Mwaghona", moni wa m'mawa wa kwathu, kwa aliyense wodutsa, ngakhale masana, anthu n'kumamuyankha mokondwa osamukonza. Amama anamuphunzitsa kusenda nthochi zaziwisi zophikira mbalagha, chakudya cha kwathu cha nthochi ndi nyama, popanda utomoni kumata m'manja. Ine anandiyendetsa mzere ndi mzere, kundionetsa mitengo imene adada anabzala chaka chimene anthu anavotera zipani zambiri. Akuti adada anapita kukavota mbande zili m'dengu, pobwera anangofikira kukumba maenje, osauza munthu kumene voti yawo yapita. Mitengo ina inali itakalamba, ndipo amama ankafuna kuidulira m'munsi kuti iphukenso, koma ankazengereza. Tinadula iwiri yokha. Titafika pa wachitatu, amama anandigwira dzanja, nati umenewo udikire chaka china.

Mvula ikatithamangitsa, tinkakhala pakhonde atatu, kusankha nyemba zobzala.

Tsiku lachisanu ndi chinayi tinamva kuti anthu akumba njira, lole ikudutsa. Amama anatiperekeza mpaka pamene inaima, atasenza mkoko wa nthochi, ndipo anakana kuti ndiwalandire. Tikukwera, anagwira mkazi wanga pamkono.

"Mubwere nthawi yothyola khofi," anatero m'Chichewa, pang'onopang'ono. "Uyu asale. Waulesi."

Mkazi wanga anapitadi yekha m'mwezi wa Julayi, nakhalako milungu iwiri. Ine ndinati ntchito yachuluka, ndidzapita chaka chinacho. Amama anamwalira mvula yotsatira isanathe. Mundawo akuusamala mlongo wanga tsopano, ndipo khofi wake amatitumizirako pang'ono m'kathumba chaka ndi chaka.